Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: wodwala mufunseni yekha, womudwazika musamutaye pa geti

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna yoona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu, akuluakulu oyendetsa zipatala za mu Lusaka, ndi aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo,

Olemekezeka,

Ndine mmodzi wa amayi a mpingo amene timayendera odwala m'makomo cha kuno ku Mtendere ndi Kalingalinga. Udokotala sindinaphunzire, unamwino ayi. Ntchito yathu ndi kusambitsa, kutembenuza, kuchapa ndi kukhala pansi kucheza ndi anthu amene zipatala zanu zinathana nawo n'kuwatulutsa. Nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi. Zipatala za boma mu mzinda uno zatsamira pa wachibale wokhala pambali pa bedi, uja tonse timangoti bedsider, ndipo kutsamira kumeneku kukupweteka anthu awiri. Wodwala akulandidwa mawu ndi zinsinsi zake. Womudwazika akutheratu, popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa ngati wagona kapena wadya.

Amene anagonekapo m'bale wake mu wodi ya boma akudziwa kale. Wosambitsa wodwala ndi bedsider. Womumwetsa phala, womusintha chitenje chikanyowa, wokataya za m'beseni, wothamangira ku famase ya kunja kwa geti ndi kapepala ka mankhwala amene m'kati mulibe, ndi yemweyo. Usiku amagona chokhala pa mpando wapulasitiki kapena pa katoni pansi, khutu lili kwa wodwala, ndipo diripi ikatha ndiye amakaitana namwino. Anamwino sindikuwanena. Awiri okha pa wodi yodzaza sangasambitse aliyense, ndipo ambiri a iwo amaweruka miyendo itatupa. Boma litalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022 tinaombera m'manja, koma mpando wapulasitiki uja ukadali pomwepo, ndipo ntchito ya wokhalapo sinachepe.

Poti bedsider ndiye amakhalapo nthawi zonse ndipo amayankha msanga, aliyense wovala yunifolomu amazolowera kulankhula ndi iyeyo. Pa chipatala china muno mu mzinda munagonekedwa bambo ena achikulire amene moyo wawo wonse anali dalaivala wa mabasi. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja, n'kuwatsekanso mawu. Madokotala akamayendera wodi m'mawa ankaima kumiyendo kwa bedi, kukambirana okhaokha m'Chingerezi, kenako n'kutembenukira kwa mwana wawo wamkazi: "Adya? Akodza? Agona bwanji?" Bambowo ankamva zonsezo. Ankakweza dzanja lamanzere kuti ayankhe, wina n'kulibwezera pansi mwaulemu ndithu, uku akukonza bulangete. Tsiku lina anawavundukula thupi lonse kuti ophunzira aone, katani palibe, odwala anzawo akuyang'ana, mwana wawo wamkazi ali chilili pomwepo. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu mwana wamkazi saona atate ake ali chomwecho. Kuyambira tsiku limenelo bambowo anatseka pakamwa, phala ayi, tiyi ayi. Pa fayilo panalembedwa kuti akukana chakudya, ndipo zokamba zinali za kuwaika kapaipi ka m'mphuno. Wowafunsa chimene chawakwiyitsa sanapezeke.

Odziwa zachipatala pakati panu akudziwa kuposa ine kuti sitiroko ikagwira mbali ya kumanzere ya ubongo imatha kutseka mawu munthu akumva ndi kuganiza ndithu, ndiponso kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene apulumuka sitiroko amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Munthu wotere amafunsidwa funso loti ayankhe inde kapena ayi, afinye dzanja, aloze ndi chala, ndipo wofunsayo adikire. Zimenezi sizifuna makina ochokera kunja. Zimafuna kuti wophunzira unamwino kapena udokotala aone mkulu wake akuchita, ndipo akapanda kuchita adzudzulidwe monga momwe amadzudzulidwira akalakwitsa mlingo wa mankhwala.

Malamulo muli nawo kale, ndipo ndi abwino. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010. Gawo 25 la panganolo likuti wolumala alandire chithandizo chofanana ndi cha wina aliyense, atauzidwa bwino ndi kuvomera yekha. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olumala, Persons with Disabilities Act. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti 10.9 peresenti ya akuluakulu ndi 4.4 peresenti ya ana a zaka 2 mpaka 17 ali ndi ulumali, ndiye sitikukamba za kagulu kochepa kongopemphetsa pa maloboti a mu Cairo Road. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Fomu yovomereza opaleshoni ikamaperekedwa kwa amalume wodwala ali maso pabedi, lamulo la 2012 silinafike mu wodi imeneyo.

Kwa munthu wosamva zinthu n'zoipa kuposa apa. Akabwera ku kiliniki, womasulira chinenero chamanja amakhala mwana wake wa ku pulayimale, mlongo wake, nthawi zina apongozi. Tangoganizani mayi akufotokoza za kumaliseche kudzera mwa mwana wake wamwamuna, kapena kumva zotsatira za magazi kuchokera m'manja mwa apongozi amene madzulo ake akauza banja lonse. Wosaona naye amalowa m'kachipinda ka uphungu atagwidwa dzanja ndi womutsogolera, ndipo si kawirikawiri wachipatala amakumbuka kupempha womutsogolerayo kuti ayambe wadikira panja. Bungwe la Human Rights Watch linalemba zonsezi mu 2014 litafufuza za olumala ndi HIV m'dziko muno. Malemu Winstone Zulu, munthu woyamba m'Zambia kuulula poyera mu 1990 kuti ali ndi HIV, anali wolumala mwendo chifukwa cha poliyo, ndipo mpaka pafupi ndi imfa yake mu 2011 ankadandaula kuti anthu amaganiza kuti wolumala sagonana, choncho samuuza za kudziteteza. Maganizo amenewo akadalipo. Mtsikana wa pa wilitcheya akabwera ku sikelo ndi pakati amalandiridwa ndi nkhope zodabwa, ena mpaka kufunsa kuti wamuchita zimenezi ndani, osayamba amva ngati ali pabanja ndipo mwanayo anamufuna. Lamulo la Data Protection la 2021 likuika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kuzisamala kwambiri. Chinsinsi chimenecho chingasungike bwanji ngati chipatala chilibe womasulira wakewake, wolipidwa ndi boma, wolumbira kusunga pakamwa?

Tsopano ndifike pa nkhani imene imativuta ngakhale ife amene timayendera odwala, chifukwa olakwa ake ndi anthu achikondi. Matenda akapezeka kuti ndi khansa yofalikira, achibale amakokera dokotala pakhonde: "Chonde musawauze, angataye mtima." Dokotala, wotopa kale ndipo mzere ukumudikira, amavomera. Wodwala amauzidwa kuti ndi zilonda za m'mimba, akamwe mankhwala adzapeza bwino. Ndikumvetsa chifukwa chake. Kwathu matenda ndi a banja lonse, ndipo kutchula imfa munthu ali moyo kumaoneka ngati kumulodza. Koma taonani zimene zimatsatira. Munthu uja amagulitsa puloti yake kuti azungulire kwa aneneri ndi asing'anga, kufuna kuchiza zilonda zimene kulibe. Sakonza za ana. Salemba wilo. Sapita kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza kukaona amayi ake miyendo ikadali ndi mphamvu. Lamulo la Intestate Succession la 1989 likuti munthu akamwalira osasiya wilo, ana alandire 50 peresenti ya chuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo 10 ipite kwa ena amene ankadalira malemuyo. Pa maliro a ku komboni lamulo limeneli limafika mochedwa, firiji ndi mipando zitakwera kale pa Canter. Mwini wake akadadziwa, akadaitana mboni n'kunena yekha.

Ndipo odwala ambiri amene ndakhala nawo pansi ankadziwa kale. Thupi ndi lawo, amaona malaya akukula, amaona alendo akunong'onezana pakhomo. Amangokhala chete kuti asavutitse ana, ana nawo ali chete kuti asavutitse kholo, nyumba yonse n'kumanamizana mpaka tsiku lomaliza. Wodwala amakhala yekhayekha pakati pa anthu omukonda.

Sindikupempha kuti dokotala aziponya mawu oti "mufa" kwa aliyense pakati pa wodi. Pempho langa ndi funso limodzi, lofunsidwa kwa wodwala mwini wake, m'chinenero chake, pa malo obisika, zotsatira zisanaperekedwe kwa wina aliyense: "Zikatuluka, mukufuna tiuze inuyo, kapena pali amene mukufuna timuuze m'malo mwanu?" Akati uzani achimwene anga, bwino, wasankha yekha, ndipo mwambo wa banja walemekezedwa. Akati ndiuzeni ine, palibe malume amene ali ndi mphamvu yoletsa. Funso limeneli lilembedwe pa fayilo ngati momwe mumalembera BP. Komanso mupeze kachipinda kokhala ndi chitseko ndi mipando, chifukwa nkhani zotere panopa zikukambidwa m'makhonde matirole akudutsa.

Za matenda a maganizo ndinena mwachidule. Tinakhala ndi lamulo la atsamunda la 1949 mpaka Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwake, ndipo zinatengera anthu amene anadwalapo okha matendawa kupita ku Khoti Lalikulu, limene mu 2017 linagamula kuti mawu onyoza a m'lamulo lakalelo akusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chipatala cha Chainama chinatsegulidwa mu 1962 ndipo mpaka lero maso a mzinda wonse amayang'ana kumeneko. Ku komboni kuno mnyamata wodwala amamangidwa ndi chingwe ku chitsulo cha pa windo pamene amayi ake apita ku msika wa Soweto m'bandakucha kukaoda tomato. Mayiyo si wankhanza. Akapanda kupita sadya, akamusiya womasuka anthu akamumenya kumsewu. Chimene chingamasule chingwe chimenecho ndi mankhwala osadukiza pa kiliniki ya pafupi ndi munthu wobwera kunyumba kudzaona. Chimodzimodzi wa khunyu, amene akagwa anthu amathawa poopa thovu, mpaka kupsa pa mbaula anthu akuonerera, pamene khunyu si matenda opatsirana.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndi pamene boma limasiya zonse m'manja mwa munthu amene silinamuphunzitse kanthu. Amapatsidwa timapaketi ta mankhwala ndi kapepala ka tsiku lobweranso, basi, bedi likufunika wina. Palibe womuonetsa kuti munthu wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Palibe womuuza kuti pamene fupa likukanikiza khungu, kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi ku zidendene, magazi amasiya kufika, ndipo khungu likasintha mtundu kapena kutentha pamenepo ndiye kuti chilonda chayamba kale m'kati. Ife timaitanidwa fungo litadzaza nyumba, chilonda chitalowa mpaka kuoneka fupa, mayi wa pakhomo akulira kuti amamusambitsa tsiku lililonse, walakwa chiyani. Sanalakwe, sanauzidwe. Palibenso womuchenjeza kuti wa sitiroko sadyetsedwa chogona, chifukwa kumeza kumakhala kutasokonekera ndipo phala limalowera ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Thumba la mkodzo amaliika pabedi pafupi ndi wodwala kuti lisade, osadziwa kuti liyenera kukhala m'munsi kuti mkodzo usabwerere. Anthu ambiri amene tawaika m'manda ku Chingwere ndi ku Leopards Hill sanafe ndi matenda amene anawagonetsa m'chipatala. Anafa ndi zilonda, chibayo ndi matenda a m'chikhodzodzo, zinthu zimene theka la ola la kuphunzitsa pambali pa bedi, wachibale akuyeserera ndi manja ake namwino akuona, likadachepetsa kwambiri.

Kunyumba kumene akupitako ndi zipinda ziwiri za lendi, chimbudzi chokumba chogwiritsa mabanja angapo, chokhala ndi sitepe ndi khomo lopapatiza, madzi ogula pa chigubu. Nthawi ya mvula ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Misisi madzi amalowa mpaka m'nyumba, wilitcheya siyenda, ndipo wodwala amapita ku msewu pa wilibala. Kondakitala wa minibasi akaona wilitcheya amauza dalaivala kuti tiye, kapena amalipiritsa mpando wachiwiri. Ndiye mwawalembera kuti azibwera ku mafizo sabata iliyonse. Ndalama ya takisi ya Yango kupita ndi kubwera ndi yomweyo ya pamela, kapaketi ka ufa kaja, ndi ndiwo za ana. Akadumpha masabata angapo amalandiridwa ndi mawu oti simusamala m'bale wanu, pamene dzanja lauma kale. Munachita bwino kukweza makiliniki a Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama kukhala zipatala. Tsopano a mafizo a m'zipatala zimenezo apatsidwe masiku otuluka kulowa m'makomboni, aone kumene wodwala amagona, aphunzitse a pakhomo ndi zimene zilipo pakhomopo.

Womudwazika uja pafupifupi nthawi zonse ndi mkazi: mkazi wa wodwala, mwana wamkazi, mlongo, mpongozi, kapena mtsikana wotengedwa kumudzi. Geni ya pa msika imaima. Mu chilimba amatuluka chifukwa alibe choponya. Matewera a akuluakulu, magolovesi, Jik, sopo, malasha otenthetsera madzi, zonse n'zogula, ndipo posakhalitsa wa kaloba, wokongoza ndalama uja, wayamba kugogoda. Mtsikana wa ku sekondale amayamba kujomba, kenako amangosiya. Maphunziro aulere amene munayambitsa mu 2022 iye samufika, chifukwa agogo akufunika kutembenuzidwa. Achibale amene anadzaza wodi pa nthawi ya kuona odwala amabwera mwezi woyamba ndi mabotolo a Maheu, kenako amangoimba foni, ndipo akabwera amabwera kudzaona zolakwika.

Pali zimene sizikambidwa pa maliro, koma ife timazimva tikakhala pa khonde ndi amayi amenewa. Munthu amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi amasintha. Amayamba kukalipa. Ena amatsina. Ena amachepetsa madzi akumwa a wodwala madzulo kuti asanyowetse pogona, osadziwa kuti akumupweteka impso. Mayi wina wopemphera kwambiri anandiuza kuti usiku amapempha Mulungu kuti angowatenga amuna ake, ndipo kukacha amadzida mpaka kulephera kudya. Sindinamuweruze ndipo inunso musamuweruze. Wodwala wolumala amene akuzunzika m'nyumba ayenera kutetezedwa, zoona, koma njira yoyamba yomutetezera ndi kupumitsa womusamalira. Nambala ya foni ya uphungu ya Lifeline, 933, ilipo ndipo imathandiza, koma foni sitembenuza munthu. Pamafunika wina wobwera masana amodzi pa sabata kuti mayiyo agone, apite ku tchalitchi, kapena akaone geni yake.

Mayi wa mwana wolumala ubongo ali ndi mtolo winanso pamwamba pa umenewu. Mwana akafika miyezi yokhala pansi khosi lili lendelende, a kuchimuna amayamba: kwathu kulibe zotere, unayenda ndi wina uli ndi pakati, kapena wina wakhwimira mwanayu kuti alemere. Bambo amasamuka mwakachetechete. Chikhalirecho zifukwa zake n'zodziwika: mwana kubanika pobadwa chifukwa cha kuchedwa kwa matenda a uchembere, kubadwa masiku asanakwane, chikasu champhamvu m'masiku oyamba, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi. Achipatala mukapanda kufotokoza, banja limadzipezera lokha chifukwa, ndipo chifukwacho chimagwera mayi. Itanani bambo ndi agogo a kuchimuna, muwakhazike pansi, wa yunifolomu anene ndi pakamwa pake kuti si ufiti ndipo si chigololo. Mawu amenewo akachokera kwa ife amayi a mpingo amati tikungotonthoza, koma akachokera kwa dokotala amamveka. Chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa mu 2006, a Cheshire Homes ku Kabulonga ndi sukulu ya ana olumala ya ku Bauleni akugwira ntchito yaikulu, koma mayi wa ku Ng'ombe kapena ku George amamva za malo amenewa mwamwayi, kwa mnzake pa mzere, mwana atakula kale.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dziko lino linkadziwa kuchita zimenezi. AIDS itafika, chipatala cha Chikankata cha Salvation Army chinayamba kutsatira odwala kumakomo mu 1987, chaka chomwecho chimene a Kenneth Kaunda anaulula kuti mwana wawo Masuzgo anamwalira ndi matendawa. Bungwe la uphungu wa HIV la Kara Counselling linayamba mu 1989. Maparishi ndi mipingo ina mu Lusaka anaphunzitsa amayi ambirimbiri, ena mwa ife tinayambira kumeneko, tikuyenda ndi kachikwama ka magolovesi, sopo ndi Vaseline. Anthu ochokera kumayiko ena ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Koma ndalama zake zinali zakunja ndipo zinali za HIV yokha. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere cha m'ma 2005 anthu anadzuka pamphasa, tithokoze Mulungu, ndipo ntchito ya kumakomo inazilala ngati kuti odwala ogona anatha. Sanathe. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo ma sitiroko tikuwaonawa akuchokera kumeneko. Onjezani shuga yodulitsa miyendo, khansa, ngozi za pa Great East Road ndi Great North Road, ndi okalamba amene ayamba kuiwala ana awo omwe. Thandizo la America litagwedezeka mu 2025 tonse tinaona kuopsa kwa kuika ntchito ya umoyo m'thumba la mlendo. Kusamalira odwala kumakomo kukhale ndi mzere wakewake mu bajeti ya dziko.

Pa ululu ndinenepo mawu awiri. Msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana mu 2014 kuti chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika chikhale mbali ya ntchito za umoyo pa mlingo uliwonse, mpaka kumudzi. Cancer Diseases Hospital ndi Our Lady's Hospice ya kuno ku Kalingalinga sizingafikire aliyense. Munthu wa khansa ya m'mafupa akubuula usiku wonse ndi Panado, ana akumva kuseri kwa katani, pamene mofini wakumwa ndi mankhwala otsika mtengo. Afike ku zipatala za m'makomboni, ndipo anamwino aphunzitsidwe kumupereka mopanda mantha, chifukwa ambiri, achipatala ndi achibale omwe, amaganiza kuti mofini ndi wotsirizira munthu.

Zambiri zimene ndapempha pano si za mabiliyoni. Makatani pakati pa mabedi, mapepala a zithunzi olembedwa m'Chinyanja osonyeza katembenuzidwe ndi kadyetsedwe, dzina la womudwazika kulembedwa pa fayilo ndi iyenso kupimidwa BP ndi kufunsidwa za tulo pa tsiku la review, izi mkulu wa chipatala angayambe mwezi uno osadikira likulu la Unduna wa Zaumoyo ku Ndeke House. Aphungu, CDF, ndalama ya chitukuko cha dera la phungu, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe. Pa ndalama zimenezo pangapezeke chimbudzi chimodzi cholowa wilitcheya pa kiliniki iliyonse, ndi kangachepe kwa odzipereka oyenda m'makomo, amene panopa amagula magolovesi ndi ndalama za m'thumba mwawo. A NHIMA, a inshuwalansi ya zaumoyo, amene mumadula 1 peresenti pa malipiro a wantchito ndi ina kwa womulemba ntchito, khalani pansi muwerengere kuti chotsika mtengo n'chiti pakati pa namwino woyendera wodwala kunyumba ndi kugoneka munthu yemweyo miyezi iwiri ndi chilonda chofika pa fupa.

Chotsala ndi mpata umene uli pakati pa maunduna anu awiri, ndipo ndi mmene mabanja ambiri akugweramo. Wodwala akatuluka pa geti, a zaumoyo amati zotsalazo ndi za a social welfare. A social welfare amati bweretsani kalata ya dokotala. Khadi la ZAPD, bungwe la boma loona za olumala, limafuna kupimidwa ndi achipatala, ndipo Social Cash Transfer, ndalama ya boma yothandizira mabanja ovutika, imene inayambira ku Kalomo mu 2003 ndipo imapereka yochulukirapo ku banja lokhala ndi wolumala kwambiri, ili ndi kalembera wake ku dera. Zonsezi zikutanthauza kunyamula munthu wosayenda kupita naye ku maofesi, kapena kumutsekera m'nyumba tsiku lonse womudwazika ali pa mzere. Munthuyo anagona mu wodi yanu masabata, madokotala akumuona m'mawa uliwonse. Fomu ya ulumali idzazidwe ali pabedi pomwepo, wa social welfare wa pa chipatala aitumize yekha ku ZAPD ndi ku ofesi ya boma ya dera, ndipo kiliniki ya kufupi ndi kwawo ilandire uthenga kuti kwabwera wodwala wogona, pakhomo pakuti, womusamalira ndi uje, kuti pasanathe sabata wina akagogode.

A Nduna awirinu, tikupempha kuti mugwirizane ndi kulengeza poyera ofesi imodzi, yokhala ndi dzina ndi khomo lodziwika pa chipatala chilichonse cha mu Lusaka, imene udindo wake ndi wodwala amene watuluka koma sanachire, pamodzi ndi womudwazika. Aphungu a Lusaka Central, Munali, Kanyama, Chawama, Matero, Mandevu ndi Kabwata, funsani funso limeneli m'Nyumba ya Malamulo ndipo yankho lake mutibweretsere ku ma ward kuno.

Ine wanu,
Mayi woyendera odwala m'makomo,
Mtendere, Lusaka